KYB Excel-G kapena Bilstein B6 pa Hilux yanu?

Galimoto ikamadumphadumpha kangapo mutadutsa pa hampu, dziwani kuti ma shock atha. Nkhani yatsala ndi yoti mugule ati.

KYB Excel-G ndi a kampani ya ku Japan, a machubu awiri. Ntchito yawo ndi kubwezera galimoto momwe inkayendera ili yatsopano, basi. Ndi ofewa ndipo mtengo wake ndi wofikirika. Ngati maulendo anu ndi a pa tara, Lilongwe mpaka Blantyre, musadzivutitse n'kufuna zina.

Bilstein B6, achikasu aja a ku Germany, ndi a chubu chimodzi, ndipo mkati mwake pisitoni imalekanitsa mafuta ndi gasi. Phindu lake limaoneka pa msewu wafumbi wamabampu, ngati wokwera ku Nyika. Shock wamba akatentha mafuta amachita thovu, kumbuyo n'kumavina. Koma ma Bilstein amazizira msanga, matayala n'kugwirabe pansi ngakhale mutanyamula matumba a chimanga. Koma ndi olimba. Galimoto ikakhala yopanda katundu, msana umamva kamwala kalikonse, ndipo thumba nalo limalira.

Ine ndingatenge Bilstein pokhapokha ngati kumudzi ndimapitako mwezi ndi mwezi. Posintha, sinthani awiri onse akutsogolo kapena akumbuyo pamodzi, makaniko aonenso mabushi, timalabala tija ta pomangira ma shock.