Naim ND 555 ndi Linn Klimax DSM: Kusankha Choimbira Nyimbo za pa Intaneti

Makina awiriwa ndi ochokera ku Britain, ndipo onse amakoka nyimbo ku Tidal ndi Qobuz, makampani opereka nyimbo pa intaneti, koma amasiyana kwambiri pa kapangidwe. Naim ND 555, yopangidwa ku Salisbury ndipo inatuluka mu 2018, siiyaka payokha, chifukwa imafuna bokosi lapadera la magetsi lotchedwa 555 PS, komanso preamplifier yoyendetsera kukula kwa mawu. Cholinga cha bokosi lapaderali n'choti phokoso la magetsi lisafike pa mbali yosandutsa nyimbo kukhala mawu, koma wogula akonzekere ndalama zambiri ndi malo okwanira mabokosi angapo.

Linn, kampani ya ku Scotland imene inasiya kupanga makina oimbira ma CD mu 2009, inasonkhanitsa zonsezi m'bokosi limodzi. Klimax DSM ya mu 2021 ili ndi DAC (mbali yosandutsa nyimbo za digito kukhala mawu) yotchedwa Organik, yopangidwa ndi Linn yomwe, ndiponso Space Optimisation, imene imakonza mawu potengera kukula kwa chipinda ndi pamene masipika aikidwa. Ine ndimaona kuti mbali imeneyi ndi yofunika zedi, pakuti zipinda zambiri zochezera sizinamangidwire nyimbo.

Amene ali kale ndi amplifier ya Naim asankhe ND 555. Munthu amene akungoyamba kumene angapindule kwambiri ndi Linn.