Miyezi 14 ndi jakuzi yakale ya matabwa kuno ku Ulongué

Mwezi wa Meyi chaka chatha ndinatsitsa pa lole yanga ya mbatatesi katundu amene anthu a m'dera lathu anamuzungulira mpaka dzuwa kulowa: bafa lalikulu la madzi otentha, lija ena amati jakuzi, lokutidwa ndi matabwa kunja konse. Ndinaligula ku Moatize kwa bambo wina amene ankagwira ntchito ku migodi ya malasha, ndipo anali kulongedza kubwerera kwawo. Sanandibisire kanthu. Anati kutentha kwa ku Tete palibe amene amalakalaka madzi ofunda, choncho bafalo linangokhala padzuwa lopanda madzi kwa zaka ziwiri. Kwathu kuno ku Angónia nkhani ndi ina. Juni ndi Julayi m'mawa mpweya umatuluka m'kamwa ngati utsi, ndipo mayi a kunyumba akhala akudandaula msana ndi mawondo kwa nthawi yaitali. Ndinaligulira iwowo.

Chigoba chake chamkati, mmene mumakhala madzi, sichinandivutepo ngakhale tsiku limodzi. Msewu wonse wa N7, kukhotera pa Mussacama mpaka kufika kuno, chinagwedezeka koma sichinang'ambike. Ntchito yonse ili pa matabwa, pa madzi ndi pa magetsi.

Matabwa akunja ndi a mkungudza wa kunja kwa dziko, opepuka, onunkhira mukawapala. Dzuwa la ku Moatize linali litawasandutsa otuwa ngati phulusa, ena atang'aluka kunsonga. Ndinawamasula limodzilimodzi, kulemba nambala kumbuyo ndi pensulo kuti lililonse libwerere pamalo pake, nkuwakwecha ndi sandipepa ya 80 kenako ya 120. Mtundu wofiirira unabwerera, ndipo ndinapaka vanishi katatu. Anawala zedi. Koma pofika Januwale, mvula ili pakati, vanishiyo inayamba kutukusira nkumasupuka ngati khungu la njoka. Chifukwa chake ndinachimvetsa mochedwa: matabwa a bafa lotere amalandira chinyezi mbali zonse, mvula kunja, nthunzi mkati, ndiye vanishi imatsekera chinyezicho mpaka chimaikankha. Ndinapalanso onse, ntchito ya masabata awiri, nkupaka mafuta olowa m'thabwa, aja m'masitolo a ku Tete amawalemba kuti óleo de linhaça. Mafuta sawala ngati vanishi, koma sasupuka. Akauma mumangopukuta fumbi nkupakanso, osapala. Mbali yoyang'ana dzuwa la masana ndimaipaka miyezi inayi iliyonse, mbali ya kukhoma kawiri pachaka. Nsanza zopakira mafuta amenewa musaziunjike pakona, zimatha kutentha zokha mpaka kuyaka. Ine ndimaziviika m'chidebe cha madzi ndikangomaliza.

Pamene maso anga anali pa kukongola kwa kunja, pansi panali pakuchitika zina. Bafalo ndinalikhazika pa njerwa zoyala pa dothi, poganiza kuti zikwanira. Tsiku lina mu Febuluwale ndikusesa, ndinaona kanjira ka dothi kopyapyala ngati chala kakukwera pa njerwa kulowa mkati. Ndinaitana mmisiri wa matabwa amene amandikonzera mabodi a lole. Anamasula mbali imodzi, nagogoda mtanda wapansi ndi chigwiriro cha tchizulo. Unalira ngati ng'oma. Atakanikiza ndi chala chachikulu, chalacho chinangolowa.

"Bambo, chiswe sichinakhudze matabwa okongolawa ayi," anatero. "Chadya mafupa. Mitanda yamkatiyi ndi ya paini, ndiwo zake zenizeni. Mukanachedwa mwezi wina bafali likanakhala pansi lili ndi anthu."

Sindinagone bwino usiku umenewo, poganiza kuti dzulo lake mayi anali momwemo. Madzi a m'bafali ndi malita 1,200, kutanthauza kulemera kwa makilogalamu 1,200, osawerengera anthu ndi bafa lenilenilo. Tinapopa madzi onse, kulinyamula anthu asanu ndi mmodzi, nkuthira silabu ya simenti yokhuthala masentimita 12, yokwera pang'ono kuti madzi a mvula azilambalala. Mitanda inayi yapansi tinaisintha ndi ya mlombwa, umene anzathu a Chipwitikizi amati umbila, mtengo umene chiswe sichiulimba mtima. Mmisiriyo anakananso misomali wamba. Anandionetsa mizere yakuda yotsika pa matabwa pomwe mwini wakale anakhomapo misomali yachitsulo, nati chitsulo chikanyowa chimadetsa mkungudza. Tinamanga ndi masikuluwu osachita dzimbiri. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ndimagwada ndi tochi kuzungulira silabu yonse, ndipo udzu ndi nkhuni sizifika pafupi.

Makoswe nawonso anapeza kuti siponji yosunga kutentha ndi nyumba yofunda, ndipo anatafuna waya umodzi wa magetsi a mkati. Sefa ya waya pa mipata yonse yapansi inathetsa zimenezo. Pampu inkadontha kuyambira tsiku loyamba chifukwa labala yake inauma pa zaka ziwiri zija. Pulambala anasintha labalayo pamodzi ndi timalabala ta m'malumikiziro a mapaipi, ndipo sipanadonthenso.

Za madzi ndiye pamene ndikupempha aliyense amve bwino, chifukwa apa pali thanzi la anthu. Madzi ofunda ndi munda wa tizilombo. Tsiku loyamba kuyatsa pampu, m'mapaipi munatuluka zinyalala zakuda zoterera, ndipo tinatsuka ndi kutaya madzi katatu asanayere. Ndili ndi timapepala toyezera madzi, tija timasintha mtundu mukativiika. Pa timapepalato, klorini, mankhwala opha tizilombo m'madzi, ayenera kukhala pakati pa 3 ndi 5, ndipo pH, muyeso wa asidi m'madzi, pakati pa 7.2 ndi 7.8. Madzi a pachitsime chathu ali ndi laimu wambiri, ndipo pH ikakwera klorini amafooka, kwinaku chotenthetsera madzi chikumera zoyera zolimba ngati za m'ketulo. Nthawi yokumba mbatatesi ndinakhala kumunda ku Tsangano masiku khumi osayeza. Madzi ankaoneka oyera bwinobwino, koma mwana wanga wamwamuna atasambamo, patapita masiku awiri anatuluka tizilonda toyabwa pamimba ndi m'chiuno, makamaka pomwe pamagwira kabudula. Kuchipatala anati ndi tizilombo ta m'madzi ofunda osasamalidwa. Tizilondato tinapola patatha sabata, koma mtima unandiwawa chifukwa zinali zopeweka. Pano ndikachoka, mayi amayeza okha. Fyuluta timaitsuka sabata iliyonse, madzi timasintha miyezi itatu iliyonse, ndipo aliyense amayamba wasamba kubafa wamba asanalowe, chifukwa mafuta odzola ndi sopo ndizo zimachititsa thovu. Madzi otaya timawasiya masiku angapo osathira mankhwala, kenako amapita ku kapinga.

Magetsi ndiwo amadya ndalama kuposa china chilichonse. Chotenthetsera chake ndi cha 3 kW. Kukweza malita 1,200 kuchoka pa madigiri 15 kufika pa 38 kumatenga mayunitsi pafupifupi 32, maola ngati 11 chikuyaka osapuma. Miyezi yoyamba mita ya Credelec, ija ya magetsi olipiriratu, inkatha mayunitsi mothamanga kuposa masamu amenewa, ndipo wolakwa anali chivundikiro. Siponji yake inali itamwa madzi, cholemera moti munthu mmodzi sakanachinyamula, ndipo siponji yonyowa sisunga kutentha. Tinaika ina yatsopano, kuikulunga m'pulasitiki kawiri, ndipo telala wosoka mipando ya galimoto anasoka chikuto cha lona. Kusiyana kwake ndinakuona sabata yomweyo: usiku wa chisanu madzi amangotsika pang'ono, chotenthetsera chimayaka kanthawi nkuzima. Wogula bafa lakale awerengeretu mtengo wa chivundikiro pa mtengo wa bafalo.

Pa mawaya sindinalole zachidule. Wamagetsi anakoka chingwe chakechake kuchokera pa bokosi, kuika buleka ija imadula magetsi akangothawira m'madzi, ya 30 mA, ndi kukhoma ndodo ya mkuwa pansi. Buleka imeneyi ndimaiyesa mwezi uliwonse podina kabatani kake. Mitambo ya ziphaliwali ikayamba kuunjikana cha ku Domué, timazimitsa zonse ndipo palibe amene amalowa.

Timatenthetsa kuyambira Epulo mpaka Ogasiti basi. Okutobala ndi Novembala chotenthetsera chimapuma, ana amasambira madzi ozizira munthu wamkulu ali pomwepo, ndipo akatuluka chivundikiro chimakhomedwa ndi loko. Kutentha sitipitirira 38, ngakhale makinawo amalola mpaka 40. Mphindi 15 zikakwana munthu atuluke, amwe madzi. Mpongozi wathu ali woyembekezera tinamupempha kuti adikire kaye, ndipo mlendo amene walawa mowa ndimamukaniza ngakhale akhumudwe.

Kodi ndikanaligulanso? Inde, koma ndikanaumirira kuti mwini alidzaze madzi, aliyatse ndikuona, ndipo ndikanamasula mbali imodzi nkugogoda mitanda ndisanatulutse ndalama. Silabu ndikanathira bafa lisanafike. Amene amachokachoka pakhomo popanda womusiyira, kapena amakhala kotentha ngati ku Tete ndi ku Changara, ndalama zake agulire zina.

Msana wa mayi sunachire, ndipo mankhwala akuchipatala akumwabe. Chimene chasintha ndi tulo. Kale m'nyengo yozizira ankadzuka kawiri katatu usiku kufuna pogonera bwino. Pano madzulo akamaliza za kukhitchini amalowa m'madzi nthunzi ikukwera mumdima, mphepo ya ku mapiri ikuwomba m'mabulugamu, nkukagona mpaka tambala woyamba. Mawa ndi Loweruka, ndipo mbali ya kudzuwa yayambanso kutuwa. Botolo la mafuta ndagula kale.