Boss GT-1 patatha miyezi 8: clean yake ikafika pa mikisa imamveka bwanji

Ndakhala ndi Boss GT-1, kachipangizo kopondaponda kosintha kalilidwe ka gitala, kwa miyezi 8 tsopano ndiye ndati ndilembe zomwe ndaona, chifukwa anzanga angapo oimba gitala akhala akundifunsa pa WhatsApp kuti kodi ndi kabwino kapena apirire kaye asonkhe ndalama ya POD Go, chipangizo china cha mtundu womwewu cha kampani ya Line 6. Ineyo ndimaimba lidi gitala mu bandi ya anthu 6 kuno ku Mangochi, maukwati, zinkhoswe, nthawi zina Loweruka madzulo m'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja kuyambira cha ku Makawa mpaka ku Cape Maclear, Lamulungu ndili ku tchalitchi. Nyimbo zathu mukuzidziwa, reggae, sungura, rumba, manganje, za kwaya. Usiku wonse mwina nyimbo ziwiri zokha ndi zomwe ndimaponda distortion, kulira kokalipa kuja kwa nyimbo za rock, zina zonsezo gitala imafunika ilire yoyera, nsambo iliyonse izimveka payokha. Nde ndemanga iyi ndi ya clean basi, kulira koyera kumeneku, amene mumaimba rock mundikhululukire.

Chomwe chimatisokoneza ambirife ndi mavidiyo a pa YouTube. Munthu amatenga mphindi 20 akuonetsa kachipangizo, mphindi 18 ndi distortion yokhayokha, clean amangoikhudza pang'ono n'kudutsa. Ine ndinagwa nazo zimenezi zaka ziwiri zapitazo, ndinagula ka multi effect kena kotchipa mu shopu ina ku Blantyre, dzina sinditchula, chifukwa pa vidiyo kankamveka mwamphamvu. Kufika nako kuno, kulowetsa mu mikisa, clean yake inali yopyapyala ngati ukugogoda lata, ndipo ukasiya kuimba kumangomveka siiii m'masipika. Ndinakagulitsa motchipa patatha miyezi itatu.

Kwa amene simunazigwirepo, zipangizo zimenezi ndi kakompyuta kotsanzira kalilidwe ka ma ampu otchuka pamodzi ndi masipika ake. Zinatchuka kwambiri pamene Line 6 inatulutsa POD yofiira ija yooneka ngati nyemba mu 1998, ndipo lero zilipo za mitengo yonse, mpaka Kemper ya ku Germany, Helix, ndi Quad Cortex ya ku Finland zomwe mtengo wake umapitirira madola 1,000. Kwa ife ampu yeniyeni ndi maloto. Fender Twin Reverb kapena Roland JC-120, zomwe ndi mafumu a clean, iliyonse imalemera pafupifupi makilogalamu 30 ndipo ili ndi masipika awiri a mainchi 12. Ukakwera nayo bwanji minibasi ya ku Monkey Bay? Wa kabaza angavomere? Tonsefe timangolowa mu mikisa, ndiye funso lenileni ndi lakuti kachipangizo kameneka kakalowa mu mikisa ya tchalitchi kapena ya wobwereketsa zida, clean yake ituluka yotani.

Ndisanagule ndinachita mwayi, mnzanga wina wa ku Zomba anabwera kudzaimba ukwati kuno ndipo anandisiyira POD Go yake kwa sabata imodzi. Ndinaiyesa pa masipika a kutchalitchi kwathu, a mainchi 15 aja. Ndinene chilungamo, POD Go ndi yabwino kuposa GT-1. Muli ampu ina amaitcha Jazz Rivet 120 yomwe ndi JC-120 ija, ndi US Double yomwe ndi Twin, ndipo Twin imeneyi ukakhudza nsambo mofewa imayankha mofewa, ukamenya imakalipa pang'ono ngati ampu yeniyeni ya ma valve. Sikirini yake ndi yamitundu, yaikulu bwino, umaona chilichonse osawerama. Imalolanso kuika ma IR, timafayilo tojambulidwa kuchokera ku masipika enieni. Mtima wanga unali pamenepo ndithu. Koma mtengo wake ndi wopitirira kawiri wa GT-1, yomwe yatsopano imakhala cha m'ma madola 200, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chinthu chilichonse cha madola chimaluma. Chachiwiri, POD Go imafuna magetsi basi, pomwe GT-1 imayenda ndi mabatire 4 a AA. Amene mumakhala kuno mukudziwa chifukwa chake zimenezi ndinaziganizira kwambiri. Mapeto ake alamu anga a ku Joni anandipezera GT-1 yogwiritsidwapo kale koma yooneka bwino, n'kuitumiza pa basi.

Tsiku loyamba kuimba nayo pagulu silinayende bwino. Unali ukwati mu holo ina pa boma pomwepa, anthu thoo, kutentha kwa mu Okutobala kuja. Titangoyamba sungura ya perekaniperekani ndinaona amayi ena a kutsogolo akuika chala m'khutu. Mdala wathu wa besi, amene wayimba zaka zambiri kuposa tonsefe, anasendera pafupi n'kunena kuti, "Mphwanga, gitala yako ikulasa, tsitsa." Ndinatsitsa voliyumu, gitala n'kusowa, kukweza, kuyambanso kulasa. Ndinamaliza ukwati wonse mtima uli m'mwamba, ndipo usiku umenewo ndinaganiza kuti ndataya ndalama kachiwiri.

M'mawa mwake ndinakhala pansi n'kuwerenga bwinobwino kabuku kake pa foni, ndi pomwe ndinapeza chomwe chinavuta. Mu menu muli malo otchedwa OUTPUT SELECT, pomwe umakauza kachipangizo kuti ukukalowetsa kuti. Mwini wake woyamba anasiya pa COMBO AMP chifukwa iye ankalowetsa mu ampu. Ukamalowa mu mikisa pamafunika LINE/PHONES, apo ayi mbali yotsanzira sipika siigwira ntchito. Nkhani yake ili chonchi, sipika ya ampu ya gitala mwachibadwa siitulutsa mawu osongoka kwambiri, ikafika cha m'ma 5 kHz imayamba kuwadula, pomwe sipika ya PA, yolumikizidwa ku mikisa ija, ili ndi twita, kasipika ka mawu osongoka, yomwe imatulutsa zonse osasiya kanthu. Ndiye ukaipatsa gitala yosasefedwa, zonse zija ampu ikanabisa zimakathera m'makutu mwa anthu. Nditangosintha pamenepo, basi gitala inakhala ina, yonenepa, yofunda. Ngati mwagula chipangizo chilichonse cha mtundu umenewu, olo chisakhale cha Boss, yambani mwaona zimenezi musanachinyoze.

Kuchokera pamenepo ndinasiya kudalira ma patch obwera nako, ndiye kuti makonzedwe a kalilidwe osungidwa kale m'katimo. Alipo 99 a ku fakitale ndi malo ena 99 oika ako, koma a ku fakitalewo ambiri anawapanga kuti akusangalatse mu shopu, reverb yambiri, delay yambiri, ukalowa nawo mu bandi umamira. Ine ndimagwiritsa ntchito atatu okha omwe ndinapanga ndekha.

Yoyamba ndi ya JC-120, ndipo apa ndi pomwe kachipangizoka kanandigwira mtima. Boss ndi kampani ya Roland, eni ake a JC-120 yomwe inatuluka mu 1975, nde sizodabwitsa kuti anaitsanzira bwino. Gain, yomwe imalamulira kukalipa kwa ampu, ndimaisiya pansi, cha m'ma 30, kenako ndimakweza LEVEL, chifukwa ambiri akafuna mphamvu amakweza gain ndiye clean imayamba kusweka ukamenya ma chord. Bass ndimachepetsa ndithu, pansipo ndi pa mdala wa besi ndi dzanja lamanzere la wa kiyibodi, gitala ilibe nazo ntchito. Middle ndi amene ndimamukweza pang'ono kudutsa pakati, iyeyu ndi amene amapangitsa gitala kumveka kumbuyo kwa holo osachita kukweza voliyumu. Treble pakati, presence pansi, BRIGHT ndimazimitsa. Kutsogolo kwake ndimaika compressor yochepa chabe, yongofananitsa manotsi kuti pa sungura pamene zala zikuthamanga pa nsambo zing'onozing'ono zija pasapezeke ena ofuula ena onong'ona. Mukaichulutsa compressor gitala imafa, kumenya kuja kumatha, ndipo phokoso la siiii limakwera nalo. Ndinayesa kambirimbiri mpaka ndinapeza poyenera, pomwe ukaizimitsa umamva kuti chinachake chachoka koma ikayaka sumaizindikira. Kenako ka chorus pang'ono kwambiri. Pa reggae ndimagwiritsa ntchito yomweyi, kungosintha pickup kupita ya ku bridge ndi kutsitsa tone ya pa gitala pang'ono.

Yachiwiri ndi CLEAN TWIN, ya kutchalitchi ndi nyimbo zodekha, ndi spring reverb. Ndi yokoma koma apa ndi pomwe ndimaikumbukira POD Go ija, Twin yake inali ndi moyo kuposa iyi. Yachitatu ndi ya rumba, JC-120 yomweyo koma ndi delay yobwereza kawiri kapena katatu, yomwe ndimaiponda kuti igwirizane ndi liwiro la ng'oma tikafika pa sebene.

Chinthu china chomwe ndinaphunzira mochedwa, musamapange patch ndi hedifoni usiku kunyumba n'kuganiza kuti mwamaliza. Khutu la munthu pa voliyumu yotsika silimva bwino bass ndi treble, nde umazikweza kuti zikome, mawa ukafika pa masipika akuluakulu zonse zija zimabwera mowirikiza. Ine ndinapempha makiyi a tchalitchi Lachinayi masana, ndinakweza masipika ngati mmene timaimbira Lamulungu, mnyamata wathu wa pa mikisa anaima kumbuyo kwenikweni pafupi ndi chitseko n'kumandiuza ndi manja, kweza, tsitsa, basi pompo. Ola limodzi ndi theka, ndipo ma patch amenewo sindinawasinthenso kwenikweni mpaka lero.

Za mabatire. Eni ake amati a alkaline amatha maola pafupifupi 7, ndipo ine ndaona kuti sakunama, ukwati umodzi ndi pulakatisi imodzi amakwana. Otchipa a pa okala aja musawawerengere, amakusiyani pakati pa nyimbo. Ndinagula ochajitsa 8, anayi mkati anayi m'thumba. Zoona magetsi akazima mikisa nayo imazima, nde sikuti ndimapitiriza ndekha ayi, koma phindu lake lili pa jenereta. Nthawi yomwe akuyatsa jenereta magetsi amabwera mosakhazikika, ndaonapo ma adaputala a anzanga akupsa pamaso panga, ine changa sichikhala cholumikizidwa kukhoma ndiye mtima umakhala m'malo. Komanso kulira kuja kwa huuum kumene kumabwera ukalumikiza pa soketi imodzi ndi zida zina kumachepa kwambiri pa mabatire. Gitala yanga ndi ya ma single coil, mtundu wa Strat, imakoka phokoso la magetsi mwachibadwa, koma ndikaika switch pa malo achiwiri kapena achinayi pamodzi ndi noise suppressor yochepa zimakhala bwino. Ndipo magetsi akazima kunyumba ndimakhala pakhonde ndi hedifoni, kamphepo ka kunyanja kakuwomba, kuika ma chord mu looper yake, yomwe imajambula masekondi 32 n'kumabwereza, n'kumaphunzira lidi pamwamba pake mpaka udzudzu undithamangitse.

Zomwe muyenera kudziwa musanagule zilipo. Adaputala simubwera mu bokosi, mumagula padera, ndipo ikhale ya 9V yokhala ndi negative pakati, musangotola iliyonse pamsika. Kalibe XLR, polowetsa kebulo ya mtundu wa maikolofoni, ndi ma jack awiri basi, ndiye ngati mikisa ili kutali pezani DI box, kabokosi kosintha jack kukhala XLR, kebulo yaitali ya jack imatola phokoso. Sikalola ma IR. Malo a FX1 ndi FX2 ndi awiri okha, ndiye ukaika compressor pena ndi chorus pena, EQ yapadera ilibenso pokhala, ine zimenezi ndi zomwe zimandipanikiza kwambiri, moti ndimadalira mnyamata wa pa mikisa kuti andidulire pamwamba pang'ono holo ikakhala ya malata opanda siling'i. Sikirini ndi yaing'ono, padzuwa la kunyanja masana umachita kugwada kuti uone, choncho kukonza ma patch kuli bwino pa laputopu ndi pulogalamu yawo ya Boss Tone Studio kudzera pa USB. Zopondapo zilipo zitatu ndipo ndi zoyandikana, ndi nsapato yaikulu ya ukwati umatha kuponda ziwiri nthawi imodzi n'kupezeka walowa mu tuner, ndinazolowera kuponda ndi nsonga.

Kulemera kwake ndi 1.3 kg, kamalowa m'thumba la kutsogolo la chikwama cha gitala, ndimakwera nako kabaza kuwoloka mlatho wa Bakili Muluzi popanda vuto. Mchenga ndi chinyezi cha kunyanja ndi zomwe ndimaopa, nde tikaimba pa mchenga ndimayala kathabwa pansi, pobwera ndimapukuta ndi kaburashi ka penti makamaka pansi pa pedal, kenako m'kontena ya pulasitiki yotseka bwino. Mpaka pano palibe batani lomwe lavuta.

Pa nyenyezi 5 ndikupereka 4. Amene muli ndi ndalama ndipo mumaimba malo amodzi a magetsi odalirika kapena mumajambula mu studio, tengani POD Go, kusiyana kwake mudzakumva. Amene muli ngati ine, lero ku Namwera mawa ku Monkey Bay, pa jenereta ndi masipika obwereka, GT-1 ikukwanirani bola muipatse nthawi yoikonza. Za Zoom, NUX ndi Valeton anthu andifunsanso koma sindinaimbe nazo pagulu. Loweruka likubwerali tili ndi chinkhoswe ku Malindi, anzanga amene munandifunsa aja bwerani ndi gitala zanu cha m'ma 10 koloko tikamayesa zida, mudzalowetse nokha mumve pa masipika.