Makalasi a physics a Loweruka ku Chilenje: ndalama sikupita pachabe

Makolo amene muli ndi ana a giredi 11 kapena 12 omwe physics ikuwazunguza mutu, ku Chilenje chakumsika kuli aphunzitsi ena opuma pantchito amene amaphunzitsa Loweruka m'mawa. Mwana wanga wamkazi amapita kumeneko. Mtengo wake ndi wosaboola m'thumba, ndipo kholo limaloledwa kukhala kumbuyo n'kumamvetsera.

Tsiku limene ndinakhala nawo, funso linali ili: Dzuwa likuwonjezera kuwala ndi pafupifupi 10 peresenti pa zaka 1 biliyoni zilizonse, nanga Dziko tingalisunthe bwanji kuti litalikireko? Aphunzitsiwo anatsegula Universe Sandbox, pulogalamu yoyeserera kayendedwe ka mapulaneti, pa laputopu. Mnyamata wina anati, "Aphunzitsi, tingolikankhira kunja basi." Sanamutsutse, anangomupatsa laputopuyo kuti ayese. Njira ya Dziko inapindika, mbali ina n'kuyandikira Dzuwa kuposa kale.

Apa m'pamene ndinawagomera bambowa. Dziko lili pa mtunda wa makilomita 150 miliyoni kuchokera ku Dzuwa, ndipo limathamanga makilomita pafupifupi 30 pa sekondi. Anati ulikankhe kutsogolo, komwe likulowera kale. Ukatero, mbali ya tsidya ya njira yake imakwera. Likafika tsidyalo ulikankhenso, njira ibwerere kukhala yozungulira bwino. Analifikitsa pomwe pali Mars, makilomita 228 miliyoni, liwiro n'kutsikira pa 24, chaka n'kukhala cha masiku 687. Kulithamangitsa kawiri konse, koma n'kutsirizira kuyenda pang'onopang'ono! Iwo anati mphamvu ija yathera pokwera, ngati wanjinga amene wapalasa zolimba pachitunda koma pamwamba wafika akukwawa. Mwana wanga anajambula zimenezi m'kope popanda womuuza.

Anatchulanso maganizo amene asayansi Korycansky, Laughlin ndi Adams anafalitsa mu 2001, oti chimwala cham'mlengalenga cha makilomita pafupifupi 100 m'mimba mwake chizidutsa pafupi ndi Dziko zaka 6,000 zilizonse, chikutenga mphamvu kwa Jupiter n'kumatipatsira ife. Sanabise kuti kungophonya pang'ono, chimwalacho chingatiphwanye.

Zodandaulitsa zilipo. Chipinda n'chopanikiza, laputopu ndi imodzi, ndipo malaiti akazima batire silichedwa kutha. Mapepala a mayeso akale samawagwira mokwanira, choncho amene akulemba chaka chino muwapezere padera. Mwana azifika isanakwane 8 koloko, apo ayi akhala kumbuyo komwe sikirini siioneka.