Crossword ya The New York Times: kodi ndi yoyenera munthu wa kuchigwa cha Shire?

Crossword ndi masewera odzaza zilembo m'timabokosi toyera, mawu ena kuyenda chopingasa ena chotsika, ndipo liwu lililonse limakhala ndi funso lake lolozera ku yankho. Anawayambitsa ndi Arthur Wynne m'nyuzipepala ya New York World pa 21 Disembala 1913. Nyuzipepala ya The New York Times, yomwe crossword yake ndikuiunika pano, inayamba kusindikiza masewerawa mu 1942, poyamba Lamulungu lokha, kenako tsiku ndi tsiku kuyambira 1950, ndipo Will Shortz wakhala mkonzi wake kuchokera mu 1993. Masiku ano munthu wa ku Nchalo kapena ku Bangula angathe kuwapeza pa foni kudzera pa pulogalamu ya NYT Games.

Nthawi yomwe amatulukira ikutikomera ife a kuno. Masiku ambiri crossword yatsopano imaikidwa 10 koloko usiku ku New York, pamene kwathu kuno ili 4 kapena 5 koloko mbandakucha, malinga ndi mmene asinthira mawotchi awo kumeneko. Aliyense amene anakhalapo ku Chikwawa kapena ku Nsanje mu Okotobala akudziwa kuti ntchito yofuna kuganiza imagwirika dzuwa lisanakwere, chifukwa likafika paliwombo munthu amangofuna mthunzi ndi madzi.

Ya Lolemba ndiyo yosavuta, ndipo kuvuta kumanka kukulirakulira mpaka Loweruka. Masiku onsewa timabokosi timakhala 15 chopingasa ndi 15 chotsika, pamene ya Lamulungu ndi yaikulu, 21 mbali zonse, ngakhale kuti siposa ya Loweruka pa kuvuta. Chimene chimandikopa kwenikweni ndi mutu wa tsikulo. Kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi, ndiponso Lamulungu, mayankho aataliatali amakhala pa ubale wobisika, ndipo kawirikawiri pamakhala yankho limodzi chakumunsi lomwe limaulula ubalewo. Wokonza masewerawa sangoponya mayankhowo paliponse, pakuti timabokosi takuda timayalidwa mwa njira yakuti mukatembenuza pepala chadodolido maonekedwe ake sasintha. Choncho yankho la mutu lomwe lili kumtunda liyenera kufanana kutalika ndi linzake la kumunsi. Tiyerekeze kuti wina wakonza crossword ya kwathu kuno. MAJETE, LENGWE ndi MWABVI onse ali ndi zilembo zisanu ndi chimodzi, motero angakhale bwino pamodzi pansi pa mutu wa malo osungirako nyama zakutchire. CHIROMO angayang'anizane ndi BANGULA, koma CHIKWAWA sangayang'anizane ndi NSANJE chifukwa akusiyana ndi zilembo ziwiri. Munthu akazindikira mutu ali pakati pa ntchito, mayankho otsala omwe amaoneka ngati khoma amayamba kugonja okha, ndipo chisangalalo chake n'chofanana ndi cha mwana amene wamasula ndagi anzake onse atalephera.

Mafunso ake amatsata malamulo mokhulupirika, ndipo apa ndikuwayamikira akonzi. Funso likakhala lonena za zinthu zambiri, yankho limateronso. Likanena za nthawi yakale, yankho silichoka pamenepo. Likakhala ndi liwu lofupikitsidwa, yankho nalo limakhala lofupikitsidwa. Chizindikiro cha funso kumapeto chimachenjeza kuti wokonza akuseweretsa mawu, ndiye musathamangire tanthauzo loyamba lomwe labwera m'mutu. Lachinayi ndilo limadziwika kwambiri ndi ukathyali, chifukwa nthawi zina kabokosi kamodzi kamafuna zilembo zingapo kapena liwu lathunthu, ndipo palibe amene amakuuziranitu. Woyamba kumene asayambire pamenepo.

Vuto lalikulu ndi lakuti masewerawa anakonzedwera anthu a ku America. Chingerezi chanu chingathe kukhala chakupsa, cha mphunzitsi wa ku sekondale, komabe mudzaima njii pa maina a osewera baseball, a anthu a pa wailesi ya kanema a kwawoko, a misika yawo ndi zidule za nthambi za boma lawo. Kalembedwe ka mawu nakonso ndi ka ku America, kosiyana pang'ono ndi ka ku Britain komwe timaphunzira m'sukulu zathu, ndipo kusiyana kwa chilembo chimodzi n'kokwanira kusokoneza ngodya yonse. Chimene chimapulumutsa munthu ndi chakuti chilembo chilichonse chimakhala m'mawu awiri, lopingasa ndi lotsika, kotero dzina losadziwika limatha kutuluka lokha mukadzaza mawu odutsanapo. Koma maina awiri achilendo akapingasana, chotsala n'kungolota. Za ku Africa zimaonekamo mwa apo ndi apo, makamaka mawu aafupi monga MALI, CHAD ndi NILE, kapena nyama monga ELAND ndi NYALA. Pa NYALA pokhapo, ife oyandikana ndi Lengwe sitifuna wotiuza.

Pulogalamu yake ndi yosavuta kugwiritsa ntchito. Ili ndi wotchi yowerengera nthawi, njira yofufuzira ngati chilembo chili cholondola, ndi ina youlula yankho mukatopa nalo. Imawerenganso masiku omwe mwamaliza motsatizana popanda kuthandizidwa, koma kuno kumene magetsi ndi netiweki zimatha kusowa nthawi ya mvula ndi madzi osefukira, sindikulangiza munthu kuika mtima pa chiwerengero chimenecho. Intaneti yomwe imadya ndi yochepa poyerekeza ndi makanema, popeza zambiri ndi zilembo chabe.

Crossword yaikuluyi ndi yolipira pa mwezi kapena pa chaka, ndipo malipirowo amapita kunja, zomwe zimafuna khadi ya kubanki yololedwa kugulira zinthu pa intaneti. Wolipira amapezanso masewera akale kuyambira a 1993, ndiponso angathe kusindikiza pa pepala. Mwayi umenewu ndiwo ndikuona kuti ungapindulire aphunzitsi a Chingerezi, chifukwa crossword ya Lolemba itasindikizidwa, ophunzira a Fomu 3 ndi 4 angathe kuigwirira m'magulu, mphunzitsi atawadzaziratu maina a ku America kuti anawo alimbane ndi mawu okhaokha. Kwa munthu wongofuna kutayitsa nthawi, ndalamayo ndi yovuta kuilungamitsa, ndipo bawo ya pansi pa mtengo ingamukwanire. Koma amene amawerenga Chingerezi tsiku lililonse ndipo sakwiya msanga, ayambe walipira mwezi umodzi wokha, adzaze za Lolemba ndi Lachiwiri za m'nkhokwe ya zakale mpaka atazolowera malamulo ake, asanaganize zolipira chaka chathunthu.