Kuzula, kutchetcha kapena kupopera: nkhondo ya pa kapinga kuno ku Mzuzu

Amene munasamukira kuno kuchokera ku Lilongwe kapena ku Salima mwaona kale kuti udzu wa ku Mzuzu supita kutchuthi. Kwina mvula ikatha mu Epulo pabwalo pamauma, munthu nkupuma. Kuno kamvula kowaza kaja kamapitirirabe mpaka mu Juni ndi Julaye, ndiye chisoso, khovani, mwamunaaligone ndi dawe zimangosinthana mashifiti pa kapinga. Njira zitatu zonse ndaziyesa pabwalo langa ku Katoto, ndipo sizilingana mphamvu.

Chikwakwa tisachedwe nacho. Chimakongoletsa pabwalo kwa sabata imodzi, komanso chimadula maluwa a chisoso asanabale njere zomata m'masokosi zija. Koma sichipha kanthu. Choipa kwambiri n'chakuti anyamata aganyu amakonda kumeta mpaka dothi lioneke, poti abwana aone kuti ntchito yagwiridwa. Pamene pametedwa mpala ndi pamene udzu woipa umamera, chifukwa njere zake zimadikira kuwala kwa dzuwa. Kaya ndi chikwakwa kaya makina, siyani kapinga wotalika masentimita 4 kapena 5, ndipo musadule koposa gawo limodzi mwa atatu a msinkhu wake pa ulendo umodzi.

Mankhwala ndiye amakopa anthu, poti msana supweteka. Apa pali mitundu iwiri imene ambiri amaisokoneza akalowa m'sitolo ya zaulimi. Glyphosate, amene ambiri amangoti Roundup, sasankha: pafupifupi chilichonse chobiriwira chimene wakhudza chimafa, kapinga yemwe. Ine ndinaphunzira ndi misozi. Ndinapopera kachitsamba kamodzi pafupi ndi khonde, kenako ndinaponda ponyowapo nkuyenda kupita ku mpopi. Patatha sabata ndi theka, pa kapinga panatuluka mapazi achikasu asanu ndi awiri, ondondozana bwinobwino ngati pamene panadutsa mfiti. Mankhwala amenewa malo ake ndi m'mipata ya njerwa, m'mbali mwa mpanda, kapena pamalo pamene mukufuna kupha zonse musanabzale kapinga watsopano.

Wina ndi 2,4-D, amene amapha zamasamba otambalala nkusiya udzu. Chisoso ndi mwamunaaligone zimapotana nkufa, kapinga ali chilili. Pamapepala ndiye ngwazi, koma ku Mzuzu ali ndi mdani: amafuna maola angapo opanda mvula kuti alowe m'masamba. Mu Januwale ndi Febuluwale, pamene udzu uli pachimake, mungapopere dzuwa likuswa mtengo, pofika 2 koloko thambo lachita mdima kuchokera ku Kaning'ina, ndalama zanu nkutsikira mu ngalande. Kukakhalanso kamphepo, utsi wake umakafika pa tomato ndi mpiru wa aneba, ndipo tomato sachedwa kupiringizika masamba. Komanso dziwani kuti mukapopera, chisoso chija chasiya kukhala ndiwo. Kwathu amayi a ana amatchola nsonga zake ndisanazule, ndiye tsiku lopopera timayamba tagwirizana.

Kuzula ndi manja kumaoneka kwachikale, koma mvula imene imagonjetsa mankhwala ndi yomweyo imene imathandiza wozula. Dothi lathu lofiira likanyowa, chisoso chimatuluka ndi muzu wonse osalimbana nacho. Mphindi 20 m'mawa, kawiri pa sabata, kuyambira mvula zoyamba za mu Disembala udzu ukadali ndi masamba awiri kapena anayi, zimaposa tsiku lathunthu la ganyu mu Malichi njere zitagwa kale. Khovani yekha musamusiye pansi mukazula. Kachidutswa kalikonse kokhala ndi mfundo kamaphukanso, ndiye muunjikeni pa simenti aume kaye.

Dawe ndiye amachititsa manyazi njira zonsezi. Mumuzindikira mukapotokola tsinde lake pakati pa zala: lili ndi ngodya zitatu, ndipo pakatha masiku atatu chitchetchereni amakhala atapitirira kale kapinga. Pansi ali ndi timbatata tolumikizana ndi timizu. Mukakoka, tsinde limaduka, timbatata nkutsala, pamene panali mmodzi nkutuluka angapo. 2,4-D amangomuwaula pamwamba. Chimene chandithandiza ndi kukumba ndi mpeni wakale wa kukhitchini mpaka kuzama ngati chikhatho, kutola timbatata, ndi kubwererako akangophukanso, asanakule. Dawe amakonda pamene madzi amadikha, choncho yang'anani pansi pa denga pamene madzi amagwera ndi pa mpopi wodontha. Kwanga anachepa nditakonza ngalande, osati nditagula botolo lina.

Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala udzu woipa umafooka, ndipo ndiyo nthawi yotseka zigamba. Dulani timizere ta kapinga pamene wathithikana, bzalani pamene pali mpala, thirirani kwambiri kamodzi kapena kawiri pa sabata osati pang'onopang'ono tsiku lililonse, popeza madzi a Water Board si aulere. Mvula ikakhazikika, wazani feteleza wa CAN kapena urea pang'ono masamba ali ouma, madzi atsatire. Manyowa a ng'ombe osawola bwino apeweni: ngolo imodzi imene ndinathira chaka china inandibweretsera bonongwe wa minga amene ndikuzulabe mpaka lero.