Crosstalk pa kamera za SPAD: ngalande, voltage, masamu kapena kulekanitsa ma photon?

Pixel ya SPAD (sensa yozindikira photon imodzi imodzi) ikagwira photon, avalanche yake, kutanthauza chigumula cha ma electron chimene photon imayambitsa, imatulutsanso kuwala pang'ono, pafupifupi ma photon 3 pa ma electron 100,000 aliwonse odutsa. Ena mwa ma photon amenewa amagwera pixel yoyandikana nayo n'kuiyatsa nthawi yomweyo: iyi ndiye crosstalk. Kwa inu amene mukuyeza g2(0), muyeso wa kuchuluka kwa ma photon ofika limodzi, zimaoneka ngati ma photon awiri afikira limodzi, pomwe inali imodzi yokha.

Chip yokumbidwa ngalande pakati pa ma pixel, imene amati deep trench isolation, imatchinga njira yolunjika. Koma kuwala kwa near-infrared kumalowa pansi mu silicon, kukagunda kumunsi kwa substrate (tsinde la chip) n'kubwerera pa pixel ina yotalikirako. Vuto limachepa, silitha.

Kutsitsa excess bias, voltage yopitirira pamene avalanche imayambira, sikufuna ndalama. Avalanche ikachepa, kuwala kwake kumachepanso, koma kamera imagwira ma photon ochepa ndipo jitter (kusatsimikizika kwa nthawi imene photon yafika) imakula. Poti mukuwerenga ma photon awiriawiri, mumaluza kawiri: efficiency ikatsika ndi theka, ma coincidence enieni (ma photon awiri ogwidwa limodzi) amatsala gawo limodzi mwa magawo 4.

Ambiri amathamangira masamu. Walitsani kamera ndi laser yofooka, imene g2 yake ndi 1. Chilichonse chopitirira pamenepo pakati pa ma pixel awiri ndi crosstalk, ndipo mumachichotsa pa zotsatira zanu. Yezaninso mukangosintha bias kapena kutentha, ndipo pixel yokhala ndi dark count (kuyaka popanda kuwala) yochuluka muitaye pamodzi ndi oyandikana nayo. Apa pali msampha: mumachotsa avereji yokha, phokoso lake limatsalabe, choncho chizindikiro chofooka chimamirabe.

Kumene kungatheke, lekanitsani ma photon asanafike pa kamera. Ndi SPDC (njira yopangira ma photon awiriawiri mu crystal) ya type II, imene awiriwo amasiyana polarisation, Wollaston prism imatumiza chithunzi cha polarisation ina kumanzere kwa sensa, china kumanja, kutali ndi kumene crosstalk imafika. Ndi type I, imene awiriwo amafanana polarisation, beam splitter (galasi logawa kuwala) ya 50:50 imagwira ntchito yomweyo koma theka la awiriawiriwo limapita mbali imodzi n'kutayika. Mu far field, pamene kamera imaona mbali imene photon ikulowera, nkhani ndi yopepuka, chifukwa awiriwo amagwera mbali zoyang'anizana. Ingophimbani ma pixel apakati.

SNSPD, sensa ina ya timawaya ta superconductor, ilibe kuwala kwa avalanche, koma imafuna cryostat (chipangizo choziziritsa), kawirikawiri yozizira pansi pa 3 K, ndipo ma pixel ake amathabe kusokonezana kudzera m'mawaya ndi kutentha.